Siling'i ya pulasitala wokhakhala: muisiye, muikwirire kapena muipale?

Munthu akangolandira makiyi a nyumba yakale ku Sunnyside, ku Nyambadwe kapena ku Limbe, maso amathamangira kumwamba. Siling'i ndi ija yokhakhala, ya timabampu kapena ya mizere yozungulira yochita kupesa, yada ndi fumbi, akangaude akhazikikamo. Mawa lake waitana kale mnyamata waganyu kuti apale. Pofika madzulo fumbi lalowa mpaka m'makapu, bolodi yang'ambika apa ndi apo, ndipo ntchito yomwe ikanatha ndi chitini chimodzi cha penti yasanduka yogula siling'i yatsopano.

Siling'i yotere ikakhala yolimba, denga lisakudontha, isiyeni, muiyeretse n'kuipenta. Kukhakhalako kumabisa ming'alu ing'onoing'ono ndi molumikizira mabolodi, zinthu zomwe siling'i yosalala imaonetsa poyera getsi likangoyaka. Ikakunyansani zedi, ikwirireni. Kupala kukhale komalizira, ndipo pali nyumba zina zomwe simuyenera kupala n'komwe.

## Zofunika kukhala nazo

Pofufuza:
- makwerero olimba, ndi munthu wokugwirirani
- tochi yowala bwino
- mtengo wa tsache kapena wa mopu
- pensulo
- botolo lopopera madzi
- masiki ya fumbi yolembedwa FFP3 kapena P3, ndi magalasi oteteza maso. Masiki ansalu omwe tinkavala nthawi ya Covid-19 satchinga fumbi la mtundu umenewu.

Pokonza, malingana ndi njira yomwe mwasankha:
- burashi yofewa, Jik, chidebe ndi siponji
- fila yotsekera ming'alu ndi kasikirepa
- penti wamafuta woyambira uja amati undercoat, ndi penti wamadzi wa PVA
- rola yaubweya wautali ndi mtengo wake
- pepala lalikulu la pulasitiki ndi tepi
- pulasitala wa gypsum (woyera ngati choko) monga RhinoLite, ndi mankhwala othandiza pulasitala kugwira aja amati bonding liquid
- mabolodi a gypsum kapena apulasitiki a PVC, timatabwa tokhomerapo siling'i tija amati brandering, ndi masikuluwu

Zokonzerazi musagule musanamalize kufufuza.

## Choyamba: fufuzani

1. Yambani ndi madzi. Imani pakati pa chipinda masana, muyang'ane mabanga achikasu kapena abulauni okhala ndi mzere wakuda m'mphepete. Kwerani, muzungulize banga lililonse ndi pensulo, mulembe tsiku pambali pake. Mvula ikagwa kawiri katatu, bwererani. Banga likadumpha mzere wanu, denga likudonthabe. Likakhala momwemo, ndi chipsera chakale, mwina cha mu Malichi 2023 pomwe namondwe wa Freddy anavumbitsa mvula masiku angapo osakata mumzinda wa Blantyre muno.

Chenjezo: madzi satsika pomwe alowera. Amayenda ndi thabwa, n'kukadontha mamita awiri kapena atatu kutali ndi bowo. Musangomata lata lomwe lili pamwamba penipeni pa banga n'kumati mwathana nazo.

2. Igogodeni. Tengani mtengo wa tsache, muvale masiki, mugogode pang'onopang'ono chipinda chonse, makamaka m'makona ndi mozungulira getsi. Pasilabu ya konkire, monga m'nyumba zosanja, pulasitala wogwira bwino amalira mouma, kuti gwa gwa. Yemwe walekana ndi silabu amalira ngati ng'oma, ndipo nthawi zina mumamva timchenga tikuyenda mkati. Zungulizani malo otere ndi pensulo. Pabolodi, kankhani pang'ono m'mwamba: ikasuntha, misomali yataya mphamvu kapena thabwa ladyeka.

Malo olira chonchi akakhala ochepa, amakonzeka. Akakhala gawo lalikulu la chipinda, kapena siling'i yachita mimba pakati, chotsani bedi pamenepo lero lomwe. Pulasitala wasimenti ndi wolemera, akagwa sachenjeza.

3. Kwerani kudenga. Pitani m'mamawa malata asanatenthe, mutazimitsa magetsi pa main switch chifukwa mawaya amayenda mmenemo. Pondani pamatabwa akuluakulu okha, osati pabolodi. Zimitsani tochi kaye, muone ngati kuwala kukulowa m'mabowo a malata. Kenako yatsani, muyang'ane timisewu tadothi ta chiswe, ndowe za mileme ndi makoswe, komanso pansi pa giza ngati pali chinyezi. Bayani timatabwa ndi msomali. Thabwa lodyeka limabooka mosavuta ngakhale kunja likuoneka lamoyo.

Muli komweko, onani kumsana kwa bolodi. Ya gypsum imakhala ndi pepala, mkati muli choyera chonga choko. Ina ndi yabulauni, yofewa, yaulusi wamitengo. Mukapeza yotuwa, yopyapyala, yolimba ngati simenti, musaiboole kapena kuithyola. Werengani sitepe yotsatirayi kaye.

4. Funsani zaka za siling'iyo. Apa mpomwe pagona nkhani yonse. Mapulasitala ena okhakhala akale, ndi mabolodi otuwa aja, ankawasakaniza ndi asbestos, mwala wa timaulusi wochita kukumba pansi. Ku Britain, pulasitala wotchuka wa Artex anali ndi asbestos woyera mpaka chapakati pa zaka za m'ma 1980, ndipo dzikolo linaletseratu asbestos mu 1999. Ku America analetsa kupopera zokongoletsa zokhala ndi asbestos mu 1978. South Africa, komwe kumachokera zipangizo zambiri zomangira zomwe timagula m'mahadiweya a ku Limbe ndi ku Ginnery Corner, inaletsa mu 2008. Ku Zimbabwe, migodi ya Zvishavane ndi Mashava inakumba asbestos kwa zaka zambirimbiri. N'chifukwa chake malata otuwa a asbestos si achilendo kwa aliyense wokulira m'malokeshoni akale a mu Blantyre.

Asbestos akakhala womangika mkati mwa pulasitala kapena bolodi, wopentedwa, wosasokonezedwa, chiopsezo chake n'chochepa. Vuto limayamba mukapala, mukaboola kapena mukakwecha ndi sandipepala. Timaulusi take, tosaoneka ndi maso, timauluka m'chipinda, timalowa m'mapapo ndipo sitimatulukamo. Matenda ake ndi kuuma kwa mapapo, khansa ya m'mapapo, ndi khansa ya kachikopa kokuta mapapo yotchedwa mesothelioma. Saoneka msanga: amadzatulukira patapita zaka 20, 30 ngakhale 40. Mwana yemwe akukwawa m'fumbilo lero ndi amene ali ndi zaka zambiri zodikira.

Maso sangakuuzeni ngati muli asbestos kapena ayi, ngakhale maso a mmisiri wazaka zambiri pantchito. Ndi kulabu kokha, ndi makina oonera tinthu ting'onoting'ono, komwe amatha kutsimikiza. Tsono lamulo langa ndi ili: funsani eni nyumba akale, anansi okhalitsa kapena mmisiri yemwe anaika. Ngati siling'i inaikidwa posachedwa ndipo pali woikumbukira kuti ndi gypsum, muli pabwino. Ngati ndi yakale, makamaka ya chaka cha 1990 chisanafike, ndipo sinayezedwe, itengeni ngati ili ndi asbestos. Imeneyo, yomwe tiziitcha yokayikitsa, sipalidwa, siboledwa, sikwechedwa.

Mmisiri wina adzakuuzani kuti, "Bwana, izi timapala tsiku limodzi, sizivuta." Muyankheni mwaulemu: "Ayi bambo, ino tingoipenta." Mapapo omwe mukuteteza ndi akenso.

5. Yesani ndi madzi pakona. Izi ndi za siling'i yomwe mwatsimikiza kuti ilibe asbestos. Poperani kamalo kofanana ndi chikhatho, mudikire mphindi 10 mpaka 15, mukande ndi chala. Akafewa n'kukhala ngati phala, ndi pulasitala wa gypsum wosapentedwa kwambiri, ndipo atha kupalika. Madzi akangotsetsereka, penti watseka. Akanyowa koma n'kukhalabe gwa, ndi simenti wochita kumwaza uja amisiri amati rough cast. Ameneyo sapalika ndi sikirepa, musadzivute.

## Njira yoyamba: kuisiya n'kuikonza

Iyi ndi ya siling'i yolimba, ndi yokayikitsa yomwe sinathetheke. Ndi yotsika mtengo kuposa zonse, ndipo m'zipinda zogona, m'khonde la mkati ndi pabalaza ndi yomwe ndingakulangizeni.

6. Konzani denga kaye. Sinthani misomali yotayirira, matani mabowo, chotsani masamba m'magata. Mukamaliza, wina akwere athire madzi ndi paipi pomwe inu muli kudenga ndi tochi. Nthawi yabwino yokonza siling'i ndi Ogasiti mpaka Okutobala. Mu Juni ndi Julayi chiperoni chimachedwetsa kuuma kwa penti ndi pulasitala, ndipo Novembala akafika mvula ili pakhomo.

7. Chotsani fumbi mofatsa. Yalani pulasitiki, muvale masiki, musese ndi burashi yofewa, osati tsache lamphamvu lomwe limathothola timabampu. Pasiling'i yokayikitsa musasese pouma. Pukutani mopepuka ndi siponji yonyowa pang'ono.

8. Iphani nguwi. Timadontho takuda ta m'bafa ndi m'makona ozizira ndi nguwi. Sakanizani kapu imodzi ya Jik ndi makapu anayi a madzi, mupake ndi siponji mosakhula, mutsegule mawindo. Musasakanize Jik ndi mankhwala ena otsukira, mpweya wake ndi woopsa. Siyani paume tsiku lathunthu.

9. Tsekani ming'alu. Ikani fila ndi kasikirepa kapena chala. Isanaume, dindani ndi siponji yonyowa kuti pafanane ndi pozungulira. Chigamba chosalala pakati pa siling'i yokhakhala chimaonekera patali kuposa mng'alu womwe munkabisa.

10. Tsekani mabanga ndi penti wamafuta. Apa ndi pomwe ambiri amagwa. Banga lamadzi kapena la mwaye wa mbaula limatulukiranso pa PVA ngakhale mutapaka kanayi. Pakani undercoat wamafuta pabanga pokha, aume mpaka mawa, kenako mupente chipinda chonse.

11. Pentani. Gwiritsani ntchito rola yaubweya wautali ndi penti wosanyezimira; wonyezimira amakulitsa bampu lililonse. Yendetsani rola mbali imodzi, osabwerezabwereza pamalo ponyowa, chifukwa pulasitala wa gypsum akamwa madzi a penti amafewa n'kumatirira kurola. Ulendo wachiwiri yendetsani mopingasa, woyamba utauma. Siling'i yokhakhala imadya penti wambiri kuposa momwe palembedwera pachitini, choncho m'chipinda cha mamita 3 kwa 4 konzekerani chitini cha malita 5.

## Njira yachiwiri: kuikwirira

Pali malo omwe kukhakhala kumavutitsadi. Kukhitchini kumagwira mafuta ndi utsi, makamaka magetsi akathima mbaula n'kulowa m'nyumba. Kubafa kumasunga nguwi. Ndipo ena sakuifuna basi, nyumba ndi yawo.

12. Sankhani chokwiririra malingana ndi chomwe chili pamwamba. Pasilabu ya konkire ndi pabolodi ya gypsum yolimba, mutha kumata pulasitala wosalala pamwamba pa wokhakhalayo. Pabolodi yabulauni yofewa ija musayerekeze: singanyamule kulemerako, imagwa mimba n'kung'ambika molumikizira. Imeneyo imafuna bolodi yatsopano pansi pake, kapena kuichotsa.

13. Mukamata pulasitala. Pukutani fumbi, mupake bonding liquid potsatira zolembedwa pachigubu. Ngati mulibe asbestos, gwetsani timabampu totalika kwambiri ndi sikirepa kuti pulasitala asachuluke. Ngati ndi yokayikitsa, musagwetse kanthu. Matani kawiri: koyamba kudzaza maenje, kachiwiri kopyapyala, mamilimita awiri kapena atatu, kosalaza. Sakanizani pang'onopang'ono m'chidebe choyera, chifukwa gypsum amagwira pakangotha pafupifupi ola limodzi, ndipo wotsalira m'chidebe chakuda amafulumizitsa winayo kuuma. Akayamba kulimba musamuthire madzi kuti afewenso, mutayeni.

Kunena zoona, iyi ndi ntchito ya mmisiri. Kusalaza pulasitala mutu uli chagada kumafuna dzanja lozolowera. Gwirizanani mtengo pa sikweya mita, osati pa tsiku, ndipo musanamalize kulipira dikirani mdima, mugoneke tochi m'mbali mwa siling'i kuti kuwala kuyende chopingasa. Mafunde onse ndi mizere ya mpeni wopakira zimaonekera pomwepo. Masana simungazione.

Pulasitala watsopano aume mpaka mabanga onse achinyezi atatha, kawirikawiri masiku angapo mpaka sabata, kenako mupake penti woyambira wa pulasitala uja amati plaster primer musanapente.

14. Mukaika bolodi yatsopano. Bolodi wamba ya gypsum ndi ya mamita 1.2 kwa 2.4. Chipinda cha mamita 3 kwa 4 chimadya mabolodi asanu kuphatikizapo zodulidwa. Pezani pomwe padutsa timatabwa, mulembe mizere pakhoma, ndipo masikuluwu alowe m'thabwa, osati m'bolodi yakale yokha. Timatabwa titalikirane masentimita 40, masikuluwu masentimita 15. Timatabwa tatsopano tikhale touma ndi topakidwa mankhwala a chiswe. Thabwa laliwisi limapindika likamauma, siling'i n'kutsatira.

Chenjezo: pasiling'i yokayikitsa musalowetse sikuluwu, chifukwa bowo lililonse limatulutsa fumbi. Ipenteni kaye kuti itsekeke, kenako mmisiri amange felemu yatsopano yogwira m'makoma, pansi pa yakaleyo. Chipinda chitsika masentimita angapo, koma palibe chomwe chasokonezedwa. Lembani pakhomo lokwerera kudenga kuti pamwamba pali siling'i yokayikitsa, kuti wokonza magetsi wa mtsogolo asadzaiboole.

PVC ndi yopepuka, sichita nguwi ndipo imapukutika, n'chifukwa chake yatchuka kubafa ndi kukhitchini. Koma ili ndi vuto limodzi lomwe ogulitsa satchula: sichita banga. Denga likamadontha simudziwa, thabwa likuola mwakachetechete. Mukaika PVC, muzikwera kudenga chaka chilichonse mvula ikayamba. Ikaninso mababu a LED, chifukwa otentha amaipinda.

## Njira yachitatu: kupala

Palani pokhapokha zinthu zitatu zakwanira: mulibe asbestos, pulasitala anafewa pomwe munayesa ndi madzi, ndipo bolodi kapena silabu ili bwino.

15. Konzani chipinda. Tulutsani katundu yense ndi makatani. Yalani pulasitiki pansi, ikwere m'makoma pang'ono, muimate ndi tepi. Tsekani chitseko cholowera m'nyumba, mutsegule zenera. Zimitsani magetsi pa main switch, mutsitse getsi, mukulunge mawaya ndi tepi. Ana ndi odwala mphumu akhale kwina.

16. Nyowetsani pang'onopang'ono. Poperani sikweya mita imodzi ndi madzi ofunda okhala ndi kadontho ka sopo wotsukira mbale, mudikire mphindi 15. Mukagwiritsa ntchito sipuleya ya kumunda, ikhale yatsopano, isakhale yomwe munapoperapo mankhwala a mbewu. Pabolodi ya gypsum musathire madzi ochuluka, pepala lake limafewa n'kusendeka.

17. Palani mogoneka sikirepa. Tengani yaikulu, ya masentimita 15 mpaka 25, ndipo mukwechere makona ake kuti asabaye bolodi. Kankhani kutsogolo mofatsa. Pakakana, poperaninso n'kudikira, musalimbane napo. Gwirani beseni lakale kumunsi kuti zambiri zigwere momwemo.

18. Wolani zikadali zonyowa. Pindani pulasitiki ndi zinyalala zake, muike m'matumba, mukolope pansi. Kusesa pouma kumangobwezera fumbi m'mwamba.

19. Malizani. Siling'i iume tsiku limodzi kapena awiri. Mupeza molumikizira mabolodi, mitu ya misomali ndi zigamba zomwe kukhakhala kunkabisa. Kubisa zimenezi n'kumene anaikira pulasitalayo poyamba. Ikani tepi ya molumikizira ndi fila, ndipo nthawi zambiri pamafunikabe pulasitala wopyapyala chipinda chonse. Werengerani ndalama imeneyi musanayambe kupala, osati mutamaliza.

## Zolakwika zomwe zimachitika kawirikawiri

Kupenta denga likudonthabe. Anthu amapenta mu Okutobala pokonzekera Khisimisi, Januwale banga labwerera pomwe linali.

Kupala pouma kapena kukwecha ndi makina. Ngakhale mulibe asbestos, fumbi la simenti ndi loipa m'mapapo, ndipo penti wamafuta wakale amatha kukhala ndi mtovu, womwe ndi woopsa kwambiri kwa ana.

Kupatsa waganyu ntchito yafumbi popanda masiki. Mnyamata amangomanga mpango pamphuno, bwana ali panja. Ngati ntchitoyo simungaigwire nokha ndi mpango, mugulireni masiki yoyenera, ndipo zovala zake zisakachapidwe pamodzi ndi za ana kwawo.

Kutaya zogumula pamsewu. Chizolowezi chathu chokwirira maenje a m'misewu ya m'malokeshoni ndi zogumula n'chothandiza zikakhala njerwa. Koma zidutswa za bolodi yotuwa ija, magalimoto amazipera n'kukhala fumbi lomwe mudzi wonse upuma. Musazitayenso mu Mudi, mu Nasolo kapena mu Naperi. Zikakhala kuti zagwa kale zokha, zinyowetseni, muziike m'matumba awiri apulasitiki okhuthala, mumange, mulembe, ndipo mufunse ku khonsolo ya mzinda wa Blantyre za kotayira.

Kukonza nyumba ya lendi osauza eni ake. Kupenta mwina sangadandaule, koma kupala kapena kuika bolodi ndi nkhani ina. Alembereni alandilodi, ngakhale pa WhatsApp, muwatumizire zithunzi za mabanga, ndipo mugwirizane ngati ndalamazo zichotsedwe pa lendi. Pakamwa pokha, tsiku lotuluka dipoziti imathera pomwepo.

Kuyambira pabalaza. Njira iliyonse yomwe mwasankha, yeserani kaye m'kachipinda kosungira katundu kapena kogona alendo. Mmenemo muona kuchuluka kwa penti yemwe siling'i yanu ikudya, ngati rola ikuthothola pulasitala, komanso ngati dzanja la mmisiri wanu ndi loyenera kulipatsa chipinda chachikulu.